Loya wakudyerani ndalama kapena wangoti zii? Umu ndi momwe mungakadandaulire ku Malawi Law Society

Anthu ambiri kuno kwathu amaganiza kuti loya ndi munthu woti sungapite naye kulikonse, eti poti malamulowo amawadziwa ndi iyeyo nde iwe ukamunenera kwa ndani. Ndiye munthu amadyeredwa chipukuta misozi cha ngozi ya minibasi, kapena ndalama ya puloti, n'kungokhala pansi kumati Mulungu ndi amene akudziwa. Ayi abale anga, kokadandaula kulipo, ndipo si kuti akakumverani chisoni chabe, ndi lamulo la dziko lomwe linawapatsa mphamvu yolanga maloya. Vuto ndi loti mphamvu zimenezi zimayenda ndi mapepala, osati misozi kapena ukali, nde ambiri amakafika kumeneko chimanjamanja n'kubwerako akuti maloya amatetezana okhaokha.

Kaye tidziwe kuti Malawi Law Society ndi chani, chifukwa ena amaiona ngati bungwe longotulutsa zikalata zodzudzula boma m'nyuzi basi. Zoona amachita zimenezonso, lamulo linawapatsa udindo woyankhulapo pa nkhani za malamulo zokhudza anthu onse, n'chifukwa chake pa mlandu wa chisankho cha 2019 uja analowa nawo ngati abwenzi a khoti, ongothandiza khoti ndi maganizo a zamalamulo osaimira mbali iliyonse. Koma bungweli si kalabu yoti maloya anangogwirizana pa mowa kuti tiyeni tiyambitse, linakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo mu 1965, Legal Education and Legal Practitioners Act, ndipo lamuloli linalembedwanso mwatsopano cha mu 2018 lili ndi mano ochulukirapo. Loya aliyense wofuna kugwira ntchito ya uloya m'Malawi muno sangalizembe bungweli, afune asafune.

Yambani ndi layisensi, musanapereke olo wani tambala

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Kukhala ndi digiri ya malamulo, kaya ya ku Zomba kaya ya kunja, sikuti basi munthu wakhala loya woti angakuimirireni. Amayenera kulandiridwa kaye ndi Chief Justice, mkulu wa majaji onse, n'kulembedwa m'kaundula wa maloya, ndipo ambiri amadutsa kaye maphunziro ndi mayeso a ku Malawi Institute of Legal Education asanafike pamenepo. Akalembedwa m'kaundulamo sizinathe, amafunikanso layisensi ya chaka ndi chaka, ndipo imatha pa 31 January. Zili ngati minibasi, dalaivala atha kukhala katswiri wa zaka makumi awiri pa msewu koma COF ikatha yatha basi.

Nde layisensi imeneyi ndi pomwe Society imawagwira pakhosi maloya. Imatuluka kwa Registrar wa ku High Court, koma kuti ituluke loya amayenera aonetse kuti walipira msonkho wake wa umembala, waponya ndalama ku thumba lopepesera anthu obedwa ndi maloya lija amati Fidelity Fund, ali ndi inshuwalansi yoteteza makasitomala iye akalakwitsa ntchito, wachita maphunziro owonjezera a chakacho, wagwira ntchito yaulere yothandiza osauka ija amati pro bono, komanso za msonkho wa ku MRA zili bwinobwino. Mukaona loya alibe layisensi ya chaka chino, dziwani kuti china mwa zimenezi chavuta, kapena anamuimitsa kumene.

Kufufuza kwake n'kosavuta. Society imatulutsa mndandanda wa maloya omwe ali ndi layisensi, umapezeka m'nyuzi komanso pa intaneti, koma mndandanda umasintha chifukwa ena amakonza mochedwa ena amaimitsidwa pakati pa chaka, nde chabwino ndi kuimba kapena kulembera ku ofesi yawo ku Blantyre n'kufunsa kuti kodi a Uje ali ndi layisensi ya chaka chino? Funsani dzina la munthuyo, osati la kampani yokha. Chikwangwani cha pakhomo chitha kukhala chokongola, "Uje and Company", koma amene mukukambirana nayeyo ndi kalaliki kapena mesenjala wovala suti. Makalaliki a maloya ambiri ndi anthu abwino ndipo amadziwa njira za ku registry, ofesi yosunga mafayilo a milandu ku khoti, kuposa mabwana awo, koma si maloya, ndipo ngati mwezi wachitatu ukutha musanaonane ndi loya mwini wake maso ndi maso, pamenepo yambani kuchenjera.

Nkhani ya madobadoba ndiyitchuliretu pompano. Aja amazungulira m'mawodi a ovulala pa ngozi, ku polisi ya trafiki ndi pa mageti a makhoti, munthu uli ndi pulasitala mwendo uli m'mwamba iye wafika kale ndi fomu, "bwana sainani apa loya wathu ndi wachangu, miyezi iwiri ndalama yatuluka". Lamulo limaletsa loya kulipira munthu kuti azimubweretsera milandu, ndi mlandu wopita nawo ku komiti yolanga pawokha. Ndipo ndalama ya dobadobayo mukuganiza ichokera kuti? Pa chipukuta misozi chanu chomwecho. Musasainire chikalata muli pa bedi ya chipatala, olo akukakamizeni bwanji, muuzeni asiye nambala mukachira mukafika nokha ku ofesi.

Mapepala, mapepala, mapepala

Tsiku loyamba lomwelo pemphani kuti zomwe mwagwirizana zilembedwe. Ntchito yake ndi yotani, malipiro ndi angati, kodi ndi ndalama yokhazikika kapena adzadula peresenti pa zomwe mudzawine, ngati ndi peresenti ndi ingati ndipo akudula pa ndalama iti, nanga zolipira ku khoti ndi za mayendedwe alipira ndani. Maloya abwino sakwiya nazo zimenezi, ena amakhala ndi kalata yake kale yongosainirana. Amene akuti "aaa bambo inu simukundikhulupirira?" ameneyo nde mufunse kawiri.

Ndalama iliyonse yomwe mwapereka, risiti ya kampaniyo yokhala ndi sitampu. Ngati n'kotheka lipirani kudzera ku banki ku akaunti ya kampani, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya kalaliki. Mukakakamizika kutumiza pa foni, sungani meseji yake ndipo tumizani WhatsApp yomweyo kwa loyayo kuti ndatumiza ndalama mwakuti ya ntchito yakuti, akayankha olo "ok" yekha, jambulani sikirinishoti. Ka "ok" kameneko tsiku lina kadzakuyankhulirani. Funsaninso nambala ya mlandu wanu ku khoti, ija amalemba kuti cause number yakuti ya chaka chakuti, muilembe pena pake. Ndi nambala imeneyo mutha kupita nokha ku registry ya khotilo n'kufunsa kuti mlandu uli pati, ndipo anthu ena amakadzidzimukira komweko kuti mlandu womwe akuuzidwa kuti jaji akungosinthasintha tsiku sunalembetsedwe n'komwe, kapena unatha chaka chatha ndalama zinalipidwa kalekale.

Chinthu china chomwe ambiri sadziwa, ndalama yomwe loya walandira m'malo mwanu si yake, ndipo malamulo amamulamula kuisunga mu akaunti yapadera ya makasitomala, yosiyana ndi akaunti yoyendetsera ofesi. Saloledwa kubwerekako kuti alipire lendi kapena kugula galimoto kuti adzabweza mwezi wa mawa. Ndiye akamakuuzani kuti "ndalama yanu inalowa koma tadikirani kaye zinthu zatithina pa ofesi pano", mawu amenewo pawokha ndi kuulula kuti waphwanya lamulo. Akalemba pa meseji sungani bwino.

Tiyerekeze nkhani ya inshuwalansi poti ndi yomwe imachuluka. Munagundidwa ndi galimoto, loya anasumira mwini galimoto ndi kampani yake ya inshuwalansi, papita zaka ziwiri mukungouzidwa kuti sanalipire. Pitani ku kampani ya inshuwalansiyo ndi chitupa chanu cha unzika, lipoti la polisi ndi nambala ya galimoto ija, mukapemphe mwaulemu kuti akuuzeni ngati fayilo yanu inalipidwa, liti, zingati, ndipo kwa ndani. Ena amavuta kuti tiyankhula ndi loya wanu yekha, limbikirani kapena alembereni kalata, chifukwa wovulala ndinu. Akakupatsani tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, makamaka pa pepala, dandaulo lanu laima ndi miyendo iwiri. Pamakhalanso ndalama ziwiri zosiyana, chipukuta misozi chanu ndi ndalama zolipirira mlandu zomwe mbali yoluza imapereka, nde pemphani loya akulembereni zonse ziwiri, zomwe zinalowa ndi zomwe wadula, mzere ndi mzere.

Kodi zonse ndi zokadandaula?

Ayi, ndipo apa ndinene mosapsatira chifukwa ena timaononga nthawi ya komiti ndi zinthu zosayenera. Kuluza mlandu si umboni woti loya walakwa. Mlandu uliwonse wina amaluza, ndipo pena mlandu wanuwo unali wofooka kuyambira pachiyambi loyayo anakuuzani inu simunamve. Komiti yolanga maloya singasinthe chigamulo cha khoti, ngati simunakhutire ndi chigamulo njira yake ndi apilo ndipo ili ndi masiku ake owerengeka. Loya kucheza ndi loya wa mbali inayo pa khonde la khoti, kuseka limodzi, sikuti agulana, ambiri anali kalasi imodzi ku koleji.

Zomwe zili zokadandaula ndi monga kusunga kapena kudya ndalama yanu, kulandira malipiro osagwira ntchito, kusabwera ku khoti mobwerezabwereza mpakana mlandu kuthetsedwa, kukunamizani za momwe mlandu ukuyendera, kugwirizana ndi mbali inayo kuti mlandu uthere panja inu osakufunsani, kuimira inu ndi mdani wanu yemwe pa nkhani imodzi, kuulula zinsinsi zanu, kunamiza khoti, kusainira zikalata zabodza, kugwira ntchito opanda layisensi. Lamulo lilinso ndi mawu otakata oti khalidwe lililonse lochititsa manyazi ntchito ya uloya ndi lolangika, nde musamaope kuti nkhani yanu siili pa mndandanda.

Musanathamangire ku Society, mulembereni kaye loyayo. Osati kumuimbira, kumulembera. Kalata yaifupi yopanda matukwana, mwakuti ndikupempha mundipatse lipoti la mlandu wanga ndi ndondomeko ya ndalama zonse zomwe mwalandira m'dzina langa pasanathe masiku 14, kupanda kutero ndikadandaula ku Malawi Law Society. Pangani makope awiri, kaperekeni nokha, ndipo wa pa resepishoni asaine ndi kudinda sitampu ya tsiku pa kope yanuyo. Akakana kusaina lembani nokha tsiku, nthawi ndi amene munamupeza, kenako tumizaninso pa imelo kapena WhatsApp. Mudabwa kuti kalata imeneyi yokha nthawi zina imatulutsa cheke chomwe chinakanika kutuluka chaka chonse, chifukwa loya aliyense amadziwa kuti January akubwera ndipo safuna dzina lake likhale pa tebulo la komiti. Ikapanda kuthandiza, yasanduka umboni woti munayesa.

Kalata yodandaula yeniyeniyo

Lemberani ku Malawi Law Society, ku ofesi yawo ku Blantyre, ndipo ndi bwino kuyamba mwaimba kufunsa ngati pali fomu yoti mudzaze kapena ngati akufuna kuti dandaulolo mulumbirire. Simufunika loya wina kuti akulembereni, ndipo chizungu chapamwamba sichiwina mlandu kumeneko, chofunika ndi dongosolo. Ambiri amalakwitsa poyamba ndi mbiri ya moyo wawo wonse, masamba asanu ndi limodzi, pofika pa nkhani ya ndalama wowerenga watopa kale. Tsatirani masiku basi. Mwachitsanzo motere:

"Ine wakutiwakuti wa ku malo akuti, foni yakuti, ndikudandaula za a Uje a kampani ya maloya yakuti. Mwezi wakuti chaka chakuti ndinawapatsa ntchito yosumira kampani ya inshuwalansi pa ngozi yomwe ndinachita, mlandu nambala yakuti ku khoti lakuti. Tinagwirizana kuti adzadula ndalama mwakuti, kalata yake ndi iyi ndaikapo A. Tsiku lakuti a inshuwalansi anawalipira K4 miliyoni, umboni ndi uwu ndaikapo B. Mpaka lero andipatsa K500,000 yokha, onani C. Ndinawalembera tsiku lakuti sanayankhe, onani D. Ndikupempha komiti iwalamule kundipatsa ndalama yotsala ndi ndondomeko yake yolembedwa, komanso iwalange monga mwa lamulo."

Mwaona? Kandime kamodzi koma zonse zilimo, ndani, liti, zingati, umboni uli pati, mukufuna chani. Mbali yomalizayo musaiwale, nenani chomwe mukufuna, kaya ndi ndalama, kaya ndi fayilo yanu, kaya zonse. Tumizani mafotokope okha, zikalata zenizeni sungani kunyumba mu pulasitiki, mudzapita nazo tsiku lokamva nkhani. Masikirinishoti a WhatsApp apulinteni aoneke tsiku ndi nambala ya foni, ndipo foniyo musaigulitse kapena kufufuta macheza. Apanso pemphani akudindireni kope yanu kuti alandira, ndipo funsani nambala ya fayilo ya dandaulolo kuti pofunsa za momwe zikuyendera musamayambe kufotokoza kuyambira pachiyambi ulendo uliwonse.

Musawonjezere mchere. Ngati anakupatsani K500,000 nenani kuti anakupatsani, musati sanandipatse kalikonse. Loya akangotulutsa risiti imodzi yosonyeza kuti mwanama pa kanthu kakang'ono, zonse zomwe mwanena zimayamba kukayikitsa, ndipo kumbukirani mukulimbana ndi munthu woti ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kupeza pomwe mboni yapunthwa.

Ikalowa kalatayo chimachitika n'chani

Loyayo amapatsidwa dandaulo lanu kuti ayankhe, nde musadabwe akakuimbirani mwadzidzidzi ndi mawu okoma munthu woti miyezi isanu ndi umodzi samayankha foni. Nkhani ikaoneka kuti ili ndi mutu imapita ku komiti yolanga, Disciplinary Committee, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo lomwe lija. Wapampando wake ndi Solicitor General, amene alinso mlembi wamkulu mu unduna wa zachilungamo, nde si kuti ndi maloya a m'tauni okhaokha akuweruzana. Komitiyi ili ndi mphamvu yoitanitsa mboni ndi zikalata. Mudzaitanidwa kukafotokoza, loyayo kapena womuimira adzakufunsani mafunso, inunso muli ndi mwayi womufunsa. Pitani, chonde pitani. Madandaulo ena amafera pomwepa, wodandaula sanabwere poti transipoti yavuta kapena anasintha nambala osawauza. Ngati tsikulo simungathe, lembani msanga kupempha lina.

Pa za foni yokoma ija. Akafuna kubweza ndalama landirani, ndi yanu, koma onetsetsani chomwe mukusainira. Ena amabweretsa theka la ndalama limodzi ndi kalata yoti mwachotsa dandaulo ndipo simudzafunanso kalikonse. Mukasaina imeneyo, theka linalo mudzalisaka movutika. Lembani pa risiti kuti mwalandira mwakuti ngati gawo chabe, yotsala ndi mwakuti, ndipo adziwitseni a Society kuti walipirako. Dandaulo chotsani ndalama yonse ikalowa mu akaunti yanu, cheke chikasintha, osati pa lonjezo.

Komiti ikapeza kuti walakwa, ili ndi zilango zingapo malinga ndi kukula kwa nkhani. Itha kumudzudzula, kumulipitsa chindapusa, kumulamula kubweza ndalama ya kasitomala, kumuimitsa ntchito kwa kanthawi, ndipo nkhani ikakhala ya kuba itha kuitumiza kwa Director of Public Prosecutions, mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, kuti azengedwe mlandu ngati wakuba wina aliyense. Chilango chachikulu kwambiri, chofufutidwa m'kaundula kuti asadzakhalenso loya, komiti siipereka yokha, imalangiza kuti zitero, kenako Attorney General, loya wamkulu wa boma, amaitengera nkhaniyo ku High Court pamaso pa Chief Justice, yemwe ndi amene anamulandira poyamba paja. Ndiye mukamva kuti Law Society yati loya wakuti afufutidwe koma mwezi wotsatira mukumuonabe m'tauni, sikuti wagula anthu ayi, nkhani imakhala ili pa ulendo wopita kumeneko. High Court nayo payokha ili ndi mphamvu yodzudzula, kuimitsa kapena kufufuta loya olo popanda komitiyi. Komanso loya wosakhutira ndi chigamulo cha komiti amatha kukapempha khoti kuti liunikenso, ndipo ambiri amaterodi, apa nde pomwe nkhani zimachedwera.

Kuchedwa kumeneku sindikubisirani, kulipo. Anthu a mu komitiyi ali ndi ntchito zawo zina, sakhala tsiku lililonse, ndipo amene akudandauliridwawo ndi akatswiri opempha kuti nkhani iimitsidwe kaye. Anthu akamadandaula kuti bungwe la maloya kulanga maloya anzawo n'kovuta, ine sindiwatsutsa kwenikweni, mfundo ilipo. Koma zaka zapitazi Society yakhala ikutulutsa poyera maina a maloya omwe alangidwa ndi zilango zawo, ndipo kwa munthu woti malonda ake ndi dzina, chimenecho si chinthu chaching'ono. Inu chanu ndi kufunsa mwezi ndi mwezi, polemba, mwaulemu, osatopa.

Nanga ndalama yanga?

Apa mvetsetsani bwino, kulangidwa kwa loya ndi kubwezedwa kwa ndalama yanu ndi zinthu ziwiri. Atha kuimitsidwa ntchito inu osaona olo kobiri, makamaka ngati anadya kale zonse ndipo odandaula muli khumi. Choncho musadalire njira imodzi. Mutha kumusumira ku khoti ngati wangongole wina aliyense, ndipo chigamulo chikatuluka masherifu atha kukamulanda katundu. Ngati ndi kuba koonekeratu, kapena anasaina siginecha yanu mwachinyengo, kanenani ku polisi, ku nthambi yoona za chinyengo cha ndalama, ndipo kukanena ku polisi sikuletsa dandaulo la ku Society kupitirira. Ngati vuto silinali kuba koma kulekerera ntchito mpakana mwaluza ufulu wanu wosuma, pamenepo nde pamagwira ntchito inshuwalansi ija amakakamizidwa kukhala nayo, mumamusumira chifukwa cha kusasamala.

Kenako pali Fidelity Fund ija. Thumba limeneli linabwera ndi lamulo latsopanoli, maloya onse amasonkhamo, ndipo cholinga chake ndi kupepesa anthu omwe ataya ndalama chifukwa chobedwa ndi loya kapena wantchito wake. Sikuti mukangoluza mlandu kapena kukwiya ndi bilu mukatapeko ayi, ndi la ndalama yomwe munasungitsa kapena inalandiridwa m'dzina lanu n'kubedwa. Lili ndi ndondomeko yake, ndiye tsiku lomwe mukukapereka dandaulo funsaniretu kuti pempho la ku thumbali limayenda bwanji ndipo likufuna mapepala ati, musadikire kuti wina akukumbutseni. Apa mpomwe nkhani ya layisensi ija imabwereranso mwamphamvu, chifukwa ngati munapereka ndalama kwa munthu woti si loya n'komwe, zotetezera zonsezi sizikukhudzani, mwatsala ndi polisi ndi khoti basi.

Bilu ikakhala yokwera mopanda chifundo, njira yake ndi ina. Pemphani bilu yolembedwa mwatsatanetsatane, ntchito iliyonse ndi mtengo wake, osati kapepala kongoti legal fees K2 miliyoni. Mukaona kuti sizikugwirizana, muli ndi ufulu wopempha ku High Court kuti biluyo iunikidwe, maloya amati taxation koma sizikukhudzana ndi msonkho, Registrar amakhala pansi n'kuona ngati ndalamazo zikulingana ndi ntchito yomwe inagwiridwa, ndipo atha kudula. Ntchito zina monga kusintha umwini wa malo ndi kutolera ngongole zili ndi mitengo yake yolembedwa m'malamulo, nde funsani kuti mtengo akukuuzaniwo auchotsa pati. Osachedwa nazo, bilu yoti munalipira kalekale osadandaula imavuta kuitsegulanso.

Pena anthu amapita ku Society ndi nkhani zosakhala zake. Ngati vuto lanu ndi jaji kapena majisitireti, kaya chigamulo chakhala zaka osatuluka kaya khalidwe lake, kumeneko ndi ku Judicial Service Commission, bungwe loyang'anira oweruza milandu. Ngati wina akuti perekani kenakake tikapatse bwana kuti mlandu uyende, kaya ndi loya kaya kalaliki wa khoti, imeneyo ndi ya Anti-Corruption Bureau, ndipo ngati wanena ndi loya kanenaninso ku Society. Munthu wodzitcha loya asali loya ndi mlandu wa polisi, koma adziwitseninso a Society poti nawo zimawakhudza. Ma paralegal, ngati aja amathandiza m'ndende ndi m'mapolisi, amagwira ntchito yabwino yolangiza ndi kulondolera anthu, koma si maloya ndipo wabwino amakuuzani yekha zimenezo. Ngati mulibe ndalama yolembera loya wina woti apitirize mlandu kapena kusumira woyambayo, pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena, amaona kapezedwe kanu ndi kulimba kwa nkhani yanu. Muthanso kufunsa ku Society komweko za maloya a pro bono. Ndipo musamve zoti palibe loya angasumire loya mnzake, alipo, kungoti mwina woyamba ndi wachiwiri akana chifukwa chodziwana, pitani kwa wachitatu, kapena wa mzinda wina.

Chomaliza chomwe chimapweteketsa anthu ambiri ndi kuiwala mlandu weniweni uja. Dandaulo la ku Society siliimitsa nthawi ya ku khoti. Nkhani za kuvulala pa ngozi lamulo limapereka zaka 3 zokha kuti mukhale mutasuma, za ngongole ndi mapangano zambiri ndi zaka 6, ndiye ngati loya wanu anangokhalira fayilo osalembetsa mlandu, nthawi ikudyeka pomwe inu mukudikira komiti. Muli ndi ufulu wosintha loya nthawi iliyonse, simufunika chilolezo chake, watsopanoyo amangolemba chidziwitso ku khoti kuti tsopano akukuimirani ndi iyeyo. Wakaleyo atha kukakamira fayilo ngati muli naye ngongole yeniyeni ya ntchito yomwe anagwira, lamulo limamulola, nde pemphani bilu yolembedwa, ndipo ngati akungokakamira popanda chifukwa onjezerani zimenezo pa dandaulo lanu. Pakadali pano pitani ku registry ndi nambala ya mlandu ija mukapemphe makope a zikalata zomwe zili mu fayilo ya khoti, mumalipira kandalama ka fotokope ndipo akupatseni risiti ya boma, loya watsopanoyo atha kuyambira pamenepo osadikira kuti mnzakeyo afewe mtima.